Kodi kachirombo ka malungo kamadya chiyani m'magazi mwathu?

Achinyamata anzathu, kachirombo ka malungo kotchedwa Plasmodium falciparum kakalowa m'maselo ofiira a magazi kamayamba kudya. Kamaphwanya hemoglobini, puloteni yonyamula mpweya wabwino, kuti kapeze ma amino acid, omwe ali ngati njerwa zomangira thupi lake. Njerwa imodzi yotchedwa isoleucine mu hemoglobini ya munthu wamkulu mulibe, choncho kamaitenga m'madzi a magazi.

Pophwanyapo pamatsala heme, yomwe ndi poizoni kwa iko, ndiye kamaiumba kukhala timibulu takuda kuti kasafe. Mankhwala a LA amasokoneza ntchito imeneyi.

Pakatha maola 48 selo limaphulika, tizirombo tatsopano n'kulowa m'maselo ena. N'chifukwa chake wodwala amachepa magazi. Tikamva kutentha thupi tikayezetse msanga, ndipo timalize mankhwala onse.