Alembi Odzitulutsira Okha Mabuku

Mlembi woima payekha ndi munthu amene amalemba buku n'kulitulutsa yekha, osadzera ku kampani yofalitsa mabuku. Ku kampani, mlembi amangopereka zimene walemba. Akonzi amazipesa, ojambula amakonza chikuto, kampaniyo imalipira mapepala ndi makina n'kutumiza bukulo m'masitolo, ndipo mlembi amalandira kagawo kake, kamene nthawi zambiri kamakhala pafupifupi 10 kwacha pa 100 kwacha iliyonse. Woima payekha amasenza zonsezi pamutu pake. Ndiye mlembi, ndiye mwini mpamba, ndiyenso wamalonda. Buku likayenda, phindu lonse ndi lake. Likakanika, makatoni amaunjikana kuchipinda chake, ngongole ya kosindikizitsa ikumudikira.

Ambiri salowa njirayi chifukwa choikonda. M'mayiko ambiri a mu Africa, makampani ofalitsa mabuku amadalira mabuku a sukulu, poti amenewo msika wake ndi wodziwikiratu: buku likalowa pa silabasi, boma ndi makolo amagula basi. Nthano zazitali, ndakatulo, mbiri ya mudzi kapena ya mpingo, zimaonedwa ngati malonda oika ndalama pachiswe. Wolemba zoterezi amatha kudikira yankho zaka, mpaka kutopa. Ena amachoka ku makampani atakhumudwa ndi kuchepa kwa malipiro, pomwe ena amangofuna kuti mawu awo atuluke mmene anawalembera.

Chitsanzo chakale chodziwika bwino ndi cha mumsika wa Onitsha, kum'mawa kwa Nigeria. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, mumsikawu munkagulitsidwa timabuku ta masamba ochepa, totsika mtengo, tosindikizidwa pa makina ang'onoang'ono a m'tauni momwemo. Olemba ake sanali akatswiri a ku yunivesite ayi. Anali aphunzitsi a kupulayimale, makalaliki, atolankhani, amalonda ndi ana a sukulu. Ankalemba za chikondi, za kalembedwe ka kalata yofunsira mbeta, za kusamala ndalama m'tauni, ngakhale masewero a anthu otchuka monga Patrice Lumumba. Sewero la a Ogali A. Ogali lotchedwa Veronica My Daughter, la mu 1956, linagulidwa kwambiri ndipo linasindikizidwa mobwerezabwereza. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri mwa alembiwa ankagulitsiratu zolemba zawo kwa eni makina pa kandalama kochepa, phindu lenileni n'kudyedwa ndi ena. Nkhondo ya Biafra, ya pakati pa 1967 ndi 1970, inasakaza msikawo, ndipo malonda a timabukuto sanadzukenso ngati kale.

Ku Kenya, a David Maillu, obadwa mu 1939, anaonetsa kuti mlembi atha kugwira yekha chingwe chonse. Sukulu ya m'kalasi sanapite nayo patali. Zambiri anaphunzira paokha, ndipo anagwirapo ntchito yojambula ku wayilesi ya Voice of Kenya. Luso lojambulalo linawathandiza atakhazikitsa kampani yawo ya Comb Books kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Mabuku awo, monga My Dear Bottle ndi After 4.30, anali aang'ono olowa m'thumba, olembedwa m'Chingerezi chapafupi, okamba mosabisa za mowa, za chiwerewere ndi za mavuto a akazi apantchito mu Nairobi. Aphunzitsi a m'mayunivesite ankawanyoza, koma anthu wamba ankawalimbirana. Boma la Tanzania linawaletsa mu 1976, chaka chotsatira malire a mayiko awiriwa anatsekedwa, ndipo posakhalitsa Comb Books inagwa. Apa pakuoneka pofooka pa mlembi woima payekha: msika umodzi ukatsekeka, alibe kwina kotsamira.

Ena anabwera ku ntchitoyi ali ndi dzina kale. Mayi Flora Nwapa a ku Nigeria anatchuka ndi buku la Efuru, limene kampani ya Heinemann inatulutsa ku London mu 1966, koma sanakhutire ndi mmene mabuku awo ankafikira kwa owerenga akwawo. Anatsegula Tana Press ku Enugu, n'kumatulutsa mabuku awo ndi a ana. A Ken Saro-Wiwa, amene anali munthu wabizinesi, anatulutsa Sozaboy mu 1985 kudzera ku kampani yawoyawo ya Saros.

Kuno ku Malawi, dzina loyamba kutchulidwa pa nkhaniyi ndi la a Aubrey Kalitera, obadwa mu 1948. Mabuku awo oyamba anatuluka ku Kenya m'zaka za m'ma 1970. Nthawi imeneyo olemba nthano kuno analibe zitseko zambiri zogogoda: kunali Popular Publications ku Limbe, Dzuka ndi CLAIM, komanso lamulo la mu 1968 linkapatsa bungwe lounika mabuku ndi mafilimu mphamvu zoletsa chilichonse chimene silinachikonde. A Kalitera anayambitsa Power Pen Books mu Blantyre, ndipo m'zaka za m'ma 1980 anatulutsa mabuku motsatizana, kuphatikizapo Why Father Why, Mother Why Mother ndi Why Son Why. Nkhani zake zinali za m'banja ndi za m'tauni: bambo wothawa mwana, chikondi chosokonekera, ndalama zodanitsa abale. Kulemba, kusindikizitsa ndi kufalitsa, zonse zinkadzera m'manja mwawo. Anatulutsanso magazini ya nkhani zifupizifupi yotchedwa Sweet Mag, ndipo anajambula filimu ya To Ndirande Mountain with Love. Mabukuwo sanali osalala ngati ochokera kunja, koma anafika kwa kalaliki ndi mwana wa kusekondale amene ankafuna kuwerenga nkhani yochitikira m'misewu yoidziwa, ndipo chimenecho si chinthu chochepa.

Malemu Pulofesa Steve Chimombo, amene anabadwa mu 1945 n'kumwalira mu 2015, anachokera mbali ina. Anali mphunzitsi wa Chingerezi ku Chancellor College ku Zomba, wophunzira mpaka ku Leeds ndi ku Columbia, ndipo ndakatulo zawo za Napolo zinkadziwika ndi kunja komwe. Komabe mabuku awo ambiri anatuluka pa dzina la WASI, kabungwe kawo kamene kankatulutsanso magazini ya zaluso. The Wrath of Napolo, la mu 2000, ndi limodzi mwa amenewo. Nawo malemu D.D. Phiri a ku Mzimba, amene anasiya ntchito ya boma n'kutsegula sukulu yophunzitsa mwa makalata ya Aggrey Memorial mu Blantyre, anatulutsa okha ena mwa mabuku awo a mbiri yakale. Pafupifupi onsewa anali ndi ntchito ina yowadyetsa, ndipo kawirikawiri ndalama za ntchito imeneyo ndi zimene zinkalipira buku.

Kulemba ndi gawo loyamba chabe. Gawo limene ambiri amalilumpha, pofuna kupulumutsa ndalama, ndi la mkonzi, ndipo apa ndi pamene mabuku ambiri odzitulutsira amagwera. Munthu saona zolakwa zake: diso limawerenga zimene mutu unkafuna kunena, osati zimene zili papepala. Buku lodzaza ndi zilembo zosokonekera, mitu yobwerezabwereza ndi masamba osowa limaipitsa dzina la mlembi ndi la anzake onse. Kulipira mkonzi wodziwa chiyankhulocho, amene saopa kunena kuti mutu wachitatu uchoke, ndi ndalama yogwiritsidwa bwino kuposa ya chikuto chonyezimira.

Zikatero, buku limafunika nambala ya ISBN, ya manambala 13, imene masitolo ndi malaibulale amalizindikirira. Ku Malawi imaperekedwa ndi National Archives ku Zomba, komwenso lamulo limafuna kuti kusiyidwe kope ya buku lililonse lotuluka m'dziko muno. Kenako pamabwera mutu waukulu, wa kusindikiza. Mapepala ndi inki zimachokera kunja, choncho kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa buku umakwera nthawi yomweyo. Kusindikiza makope ambiri kumatsitsa mtengo wa kope imodzi koma kumamanga mpamba. Kusindikiza ochepa kumadulitsa buku.

Pogulitsa, mlembiyu amafanana ndi mlimi wa tomato amene walima yekha, wathyola yekha, ndipo ayenera kukakhalanso yekha pamsika. Masitolo a mabuku ndi ochepa, ndipo ambiri amalandira buku mwa pangano lakuti adzalipira likagulidwa, atachotsapo gawo lawo. Choncho alembi amayenda ndi makope m'chikwama, m'maofesi, m'masukulu, kutchalitchi. Mwambo wokhazikitsa buku wasanduka msika weniweni: mlendo wolemekezeka amagula kope yoyamba pa mtengo wokwera, abale ndi anzake n'kumapikisana, ndipo tsiku limodzi limenelo litha kubweza gawo lalikulu la ndalama zosindikizira. Mdani wina ndi makina a fotokope, ngakhale kuti bungwe loteteza umwini wa zaluso la COSOMA limatolera ndalama kwa ochulukitsa mabuku n'kugawira eni ake amene analembetsa ntchito zawo.

Intaneti yasintha zinthu kuyambira mu 2007, pamene Amazon inatsegula njira yoti aliyense aike buku lake pa Kindle. Mlembi amalandira 35 kapena 70 peresenti ya mtengo, ndipo buku lapepala limasindikizidwa pokhapokha wina akaliitanitsa, kotero makatoni osagulidwa kulibe. A Andy Weir a ku America, katswiri wa mapulogalamu a kompyuta, anaika buku lawo la The Martian pa Kindle pa masenti 99. Kampani yaikulu yofalitsa mabuku inadzaligula, ndipo mu 2015 linasanduka filimu. Koma otero ndi owerengeka pakati pa miyandamiyanda ya mabuku amene amatuluka chaka ndi chaka popanda wowaona.

Kwa mlembi wa ku Mzuzu kapena ku Chipata, Amazon imathandiza makamaka kufikira abale okhala ku Johannesburg kapena ku London, poti owerenga akumudzi kuno ambiri sagula zinthu pa intaneti ndi khadi ya kubanki. Chimene chafala ndi kutsatsa buku pa Facebook ndi WhatsApp, kulandira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, n'kutumiza kope pa basi kapena pa kampani yonyamula katundu. Ena amagulitsa buku ngati PDF, koma fayilo yotere ikangofika pa foni imodzi imafalikira m'magulu ulere, n'chifukwa chake alembi ambiri amasungira owerenga apafupi buku lapepala.