Kodi Wakuba Amalowera Pati mu Foni?

Dzina la Mwanza limatchulidwa kwambiri m'mauthenga a akuba a pafoni. Mabanja a ku Mzimba kapena ku Mangochi amene ali ndi abale ku Joni amaudziwa bwino uthengawu: munthu wodzitcha transipota akuti wafika pa bodala ya Mwanza ndi katundu wanu, a MRA amugwira, ndiye mutumize msanga ndalama ya msonkho pa nambala yakutiyakuti. Kawirikawiri wolembayo sanaonepo n'komwe msewu wopita ku Zobue, ndipo apolisi akhala akunena kuti ena mwa mauthengawa amachokera m'ndende, makamaka ya Zomba. Ife a kuno ku Mwanza timaseka tikamva kuti wina wapusitsidwa ndi nkhani ya pakhomo pathu, komatu nafenso tili ndi zimene timakhulupirira za foni zofunika kuziunikanso.

Chofala kwambiri n'chakuti ukangoyankha nambala yachilendo, makamaka yoyamba ndi +258 kapena +27, ndalama za mu Airtel Money kapena Mpamba zimauluka. Manthawa ndi omveka, popeza anthu aberedwadi atalandira foni. Koma ndalamazo sizikhala m'kati mwa foniyo; zili m'mabuku a kampani, ndipo kuti zisunthe pamafunika wina adutse pa *211# kapena *444# n'kulemba PIN. Kunena kuti "halo" sikutsegula kalikonse. Woyimbayo amafuna kuti mucheze naye. Adzati ndi wa kukampani ndipo akaunti yanu itsekedwa lero lomwe, kapena watumiza ndalama molakwika pamene mwana ali m'chipatala, kapena dzina lanu latuluka pa Mtukula Pakhomo. Kenako adzakuuzani manambala oti mudine, inu muli wefuwefu. Chala chimene chimatumiza ndalamazo chimakhala chanu chomwe.

Chilipo ndithu chimene chimadya mayunitsi kuno kumalire, koma si matsenga. Foni ikayandikira Mozambique imatha kugwira netiweki ya Movitel kapena Vodacom, ndipo mitengo yake ikatero imakhala ya kunja. Kuyimbira nambala ya kunja imene yangokuflashani nakonso n'kodula.

Nkhani imene imandikhudza mtima ndi ya anthu akuluakulu. Pitani pa kauntala ya ejenti pa Boma kapena ku Thambani nyengo ya manachesi. Mayi wagulitsa madengu ake, akupereka foni kwa ejenti, n'kutchula PIN mokweza pamzere wonse: "Ingondipangirani achimwene, ine za mafonizi ndine mbuli." Mawu amenewa ambiri amawakhulupirira, ndipo ine sindiwavomera. Mayi amene amawerengera phindu la madengu makumi awiri pamtima, wogula wa ku Blantyre n'kulephera kumunyenga, si mbuli ayi. Vuto lili ndi chipangizocho. Zilembo n'zazing'ono ngati nyerere, zambiri zili m'Chingerezi, ndipo ukachedwa pang'ono kuwerenga menyu imatseka, uyambirenso. Amene anakonza zimenezi sanaganizire maso a munthu wa zaka 60 ataima padzuwa. Choncho kupempha thandizo si manyazi. Chofunika n'chakuti wothandizayo akafika pa PIN abweze foni kwa mwini wake, alembe yekha manambala anayiwo. Ejenti wachilungamo sadandaula nazo.

Apa pamabweranso ganizo lija lakuti "wa m'nyumba sangandibere". Mwina sangatero. Koma mdzukulu amene amaidziwa PIN ya agogo ndi yemweyo amene amayankha foni agogo ali kudimba, ndipo wakuba savutika kum'nyengerera mwana. PIN imene ili chaka chanu chobadwa nayonso si chinsinsi, chifukwa chakacho chalembedwa pa chiphaso cha unzika, chimene ambiri timachisunga kuseri kwa foni yomweyo.

Pamene MACRA inalamula kuti SIM iliyonse ilembetsedwe mu 2018, ambiri tinati akuba atha, popeza nambala iliyonse ili ndi mwini. Zinathandiza, koma mu 2023 bungwe lomweli linanena kuti Amalawi amaberedwa ndalama pafupifupi K120 miliyoni mwezi uliwonse kudzera pafoni. Akubawo salembetsa SIM m'dzina lawo. Amagwiritsa ntchito ziphaso za ena, zotayika kapena zojambulidwa mwini wake osadziwa. Dzina lokongola lotuluka pa sikirini potumiza ndalama silitsimikizira kuti mukulankhula ndi mwini dzinalo. Ndiye wina akapempha kujambula chiphaso chanu, kaya akuti n'za ngongole kaya za makuponi, kufunsa kuti chikupita kuti si mwano.

Za WhatsApp anthu agawikana. Ena amati zonse zimene timalemba zimawerengedwa kwinakwake, ena amati palibe angazione. Kuyambira 2016 mauthenga a WhatsApp amayenda atatsekedwa, moti kampani ya foni singawawerenge panjira. Koma akafika amatseguka, ndipo pa gulu la anthu 200 aliyense angathe kujambula sikirini n'kutumiza kwina. Amalawi ena anamangidwapo pansi pa lamulo la 2016 la zochitika pa intaneti chifukwa cha zolemba za pa magulu otere. Zithunzi zachinsinsi nazonso zimatulukira kwa anthu apafupi: chibwenzi chakale, kapena foni yosiyidwa kokonzetsa yosakhoma, memori kadi ili momwemo. Achinyamata okonda GB WhatsApp adziwe kuti si ya kampani ya WhatsApp, ndipo palibe amene amakutsimikizirani kumene mauthenga anu akudutsa. Manambala asanu ndi limodzi amene WhatsApp imatumiza pa SMS ndi kiyi wa akaunti yanu. Mnzanu akalemba kuti "ndakutumizira kodi molakwika, undibwezere", dziwani kuti akaunti yake yabedwa kale.

Amene amanyadira kafoni ka mabatani kuti kalibe mavairasi akunena zoona pang'ono: mapulogalamu oipa ambiri amapangidwira mafoni akuluakulu. Koma SMS yabodza imafika bwinobwino pa kafoni kalikonse, ndipo tambiri timayenda topanda loko.

Foni ikabedwa m'minibasi ya ku Zalewa, ambiri amathamangira kufunsa amene "amatha kutraka". Choyamba chikhale kutseketsa SIM kukampani, popeza ndalama ndi WhatsApp zimatsatira nambalayo. Kenako kupolisi, komwe angakufunseni nambala ya IMEI. Imeneyi imatuluka mukadina *#06#, ndipo iyenera kulembedwa m'kope kunyumba foniyo ikadali m'manja mwanu.