Zinki: Chinsinsi cha Malata Athu

Khasu likagona pamvula masiku ochepa limachita dzimbiri, koma malata a nyumba za ku Ligowe amamenyedwa ndi mvula zaka zambiri osabooka. Zonsezi ndi zitsulo, nanga kusiyana kuli pati? Yankho lake ndi zinki.

Lata ndi chitsulo chopyapyala chomwe adachiviika mu zinki wosungunuka, wotentha madigiri pafupifupi 450. Njirayi adaikhazikitsa ndi Stanislas Sorel wa ku France m'chaka cha 1837. Zinki amatchinga madzi ndi mpweya kuti zisafike pachitsulo. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale lata likandike, amene amayamba kudyeka ndi zinki wozungulira pokandikapo, chitsulo n'kupulumuka. N'chifukwa chake malata okutidwa ndi zinki wochepa sachedwa kufiira.

Kale kuyenga zinki kudali kovuta. Iyeyu amawira pa madigiri 907, kotero pochoka m'miyala yake m'ng'anjo amakhala atasanduka nthunzi, ndipo ikakumana ndi mpweya imapsa n'kukhala fumbi loyera. Amisiri a ku Zawar, m'dziko la India, adagonjetsa vutoli zaka mazana angapo zapitazo poiziziritsa nthunziyo m'miphika yotseka. Cha m'ma 1916 padabwera njira yamagetsi. Miyala amaiotcha kuti sulufule achoke, kenaka amaisungunula mu asidi. Akadutsitsa magetsi m'madziwo, zinki amakamatirira pa mbale za aluminiyamu ndipo amangomusenda. Zinki wambiri masiku ano amapangidwa motere.

Nkhaniyi si ya kutali. Ku Zambia kudali mgodi wa zinki ndi mtovu wa Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe, ndipo amuna ambiri a ku Nyasaland adakagwirako ntchito. M'chaka cha 1928 adayamba kuyenga zinki ndi magetsi ochokera ku damu la Mulungushi. Mgodiwo udatsekedwa mu 1994, koma fumbi la mtovu lidatsala m'dothi. Ana ambiri a kumeneko apezeka ndi mtovu wochuluka m'magazi, womwe umaononga ubongo.

Anzanga, dziko lathu nalonso likufuna kupindula ndi migodi. Mgodi usadatsegulidwe tiyenera kufunsa kuti zinyalala zake adzazitaya kuti, ndipo miyala ikadzatha adzakonze malowo ndani. A ku Kabwe funsoli adalifunsa mochedwa.