Ngalawa ya Thanga ndi Injini ya Magetsi

Ife a kuno ku Masambanjati tinazolowera mapiri ndi minda ya tiyi, koma nsomba zimene timadya pano pasukulu zimachokera kwa anthu oyenda pamadzi. Tsono nkwabwino kuti tidziweko za ngalawa.

Ngalawa ya thanga imakankhidwa ndi mphepo, ndipo mphepo sagula. Ndimo mmene zombo za a Jumbe a ku Nkhotakota zinkawolokera nyanja kalelo. Koma mphepo ilibe mbuye. Tsiku la bata thanga limangolendewera, ndipo nsomba zingathe kuola eni ake asanafike pagombe. Injini ya petulo imathetsa vutoli, koma imadya ndalama tsiku ndi tsiku. Chifukwa chake ena amamangirira kainjini ka magetsi kumbuyo kwa ngalawa.

Nzeru imeneyi si yatsopano ai. M'chaka cha 1881 Gustave Trouvé anayendetsa bwato ndi injini yotere pa mtsinje wa Seine ku Paris. Ku Mbita m'dziko la Kenya, kampani ya ASOBO inabwereketsa injini za magetsi kwa asodzi a pa nyanja ya Victoria, mabatire ake nkumadzazidwa ndi dzuwa.

Kainjiniko nkosavuta. Magetsi ochokera m'batire amazunguza mota, motayo nizunguza timapiko topalasa madzi. Sikafuna petulo, sikatulutsa utsi, ndiponso sikasokosa.

Koma mtima wa zonsezi ndi batire, ndipo apa tiyeni tichite masamu. Batire la mavoti 12 ndi maampeya-ola 100 limasunga mawati-ola 1,200. Mota ya mawati 300 ingalimalize pa maola 4. Komabe batire la mtovu limafa msanga mukamalikhuthula lonse. Muyenera kulekeza pa theka. Motero atsala maola 2 okha basi! Sola ya mawati 100 itakhala padzuwa tsiku lonse ingabwezere mphamvu ya ulendo wa ola limodzi ndi theka, kapena kucheperapo.

Nanga munthu angatalikitse bwanji ulendo? Achepetse liwiro. Madzi amakaniza ngalawa kwambiri ikamathamanga, kotero kuti kuwirikiza liwiro kawiri kumafuna mphamvu yochuluka pafupifupi kasanu ndi katatu. Woyenda pang'onopang'ono amafika kutali ndi batire lomwelo. Paja akulu anati kuthamanga sikufika.

Chenjezo ndi ili: kainjini kotere sikangalimbane ndi mwera. Nyanja yathu ikakwiya siiona nkhope. Ngakhale sitima ya Vipya inamira pa 30 July 1946, ndipo anthu 145 anatayika. Woyendetsa wanzeru amayamba waona kumwamba, ndipo sasiya nkhafi kumtunda.

Tsono anzanga, thanga ndilo ligwire ntchito yaikulu. Magetsi asungidwire potuluka padoko, pokocheza, ndi pa nthawi ya bata.

Wophunzira wa Fomu 4