Kupeta Zolemba za Akatswiri: Wailesi, Lamya ndi Mlimi wa kwa Kabudula

Mphunzitsi wa kwa Kabudula, kapena wachinyamata amene wangolemba mayeso a Fomu 4, akafuna kudziwa mmene wailesi ndi lamya zam'manja zikusinthira ulimi kwawo, amapeza zolemba zankhaninkhani pa intaneti. Tsono akhulupirire ziti?

Tiyambe ndi chimene ophunzira amachitcha theory. Limeneli ndi ganizo lofotokoza chifukwa chake zinthu zimachitika momwe zichitikiramo, ndipo liyenera kuyesedwa. M'chaka cha 1943, Bryce Ryan ndi Neal Gross anafalitsa zimene anapeza pakati pa alimi a ku Iowa, ku Amereka: ambiri anamva koyamba za chimanga cha haibulidi kwa ogulitsa mbewu, koma amene anawakopa kuti abzale anali alimi anzawo. Everett Rogers anakuza ganizoli m'buku lake la mu 1962. Kodi ndi mmenenso ziliri ku Nsaru? Mwina uthenga wa palamya umangodziwitsa, pamene munda wa mlimi wotsogola ndiwo umatembenuza mtima. Wofufuza wanzeru amapita kukafunsa. Waulesi amangokopera za ku Iowa.

Chitsanzo chabwino tili nacho kwathu konkuno. Harri Englund anakhala nthawi yaitali akuphunzira pologalamu ya Nkhani za m'Maboma ya pa MBC, ndipo m'buku lake la mu 2011 anasonyeza kuti omvera ankadzudzula anthu audindo opondereza anzawo mwa njira yawoyawo, yosiyana ndi chilankhulo cha mabungwe a ufulu wachibadwidwe. Iyeyu anayamba wamvetsera Chichewa, ganizo n'kubwera pambuyo.

Nanga magazini amene zofufuza zimasindikizidwamo? Apa ndiye pali nyerere za mumkuyu. Magazini oona amatumiza cholemba chilichonse kwa akatswiri ena kuti achipete chisanatuluke, ndipo ntchitoyi imatha miyezi. Koma alipo ena ongofuna ndalama za wolemba. M'chaka cha 2013, mtolankhani John Bohannon anapeka kafukufuku wodzaza ndi zolakwa zoonekeratu, namutumiza ku magazini 304. Okwana 157 anamulandira. Chowawa n'chakuti maina a olemba ndi a masukulu amene anapekawo anali omveka ngati a muno mu Afirika.

Choncho, awerengi, musanakhulupirire magazini, onani maina a akonzi ake ndipo mufufuze ngati masukulu awo akuwadziwadi. Chenjerani ndi amene alonjeza kusindikiza m'masiku ochepa. Kulipiritsa pakokha si umboni wa chinyengo, pakuti ena odalirika amalipiritsanso. Onaninso ngati magaziniwo ali pa African Journals Online, pamene pamapezeka Malawi Medical Journal. Ndipo mukatsegula cholembacho, funsani kuti wolemba analankhula ndi anthu angati, a m'midzi iti, ndiponso ngati amayi, amene kawirikawiri amabwereka lamya ya amuna awo, anawerengedwa nawo.