Mitundu ya Nchito

Kukaca m'mawa, anthu ambiri amapita ku nchito. Wina anyamula khasu, alowera ku munda. Wina abvala yunifomu yoyera, apita ku cipatala. Wina akankha wilibala, athamangira ku msika. Onsewa ndi anchito, koma nchito zao ndi zosiyana.

Nchito ndi zambiri zedi. Munthu sangathe kuziwerenga zonse. Conco anthu amaziika m'magulu, monga mmene amai amapatulira nyemba, nshawa ndi cimanga, ciliconse m'thumba lake.

Pali njira ziwiri zoikira nchito m'magulu. Njira yoyamba imafunsa kuti, "Kodi munthuyu amacita ciani?" Njira yaciwiri imafunsa kuti, "Kodi anaphunzira nthawi yaitali bwanji kuti aidziwe nchitoyi?"

NJIRA YOYAMBA: KODI AMACITA CIANI?

Gulu 1: Otenga zinthu m'nthaka ndi m'madzi

M'gulu ili muli alimi, asodzi ndi anchito a m'migodi.

Ku Cigawo ca Kum'mawa, monga ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi, alimi amalima cimanga, nshawa, thonje ndi mpendadzuwa. Ena amaweta ng'ombe, mbuzi, nkhumba ndi nkhuku.

Ku Siavonga pa nyanja ya Kariba, ndi ku Mpulungu pa nyanja ya Tanganyika, asodzi amagwira kapenta usiku. Amayatsa nyale zowala pamwamba pa madzi. Kapenta ikaona kuwala imabwera pafupi, basi yalowa mu ukonde.

Ku Kitwe, Mufulira, Chingola ndi Solwezi kuli migodi ya kopa. Anchito ena amalowa pansi kwambiri, kumene dzuwa silifika. Kumeneko kuli mdima bii! Ndiye cifukwa cake amabvala cisoti colimba cokhala ndi nyale pamphumi.

Gulu 2: Opanga ndi omanga

Munthu sangabvale thonje la m'munda. Sangakhalenso pa mtengo wa m'thengo ngati mpando wa m'kalasi. Pafunika anthu osintha zinthuzi kuti zikhale zogwiritsa nchito.

Wa pa cigayo amagaya cimanga, cikhala unga. Ku Mazabuka, anchito a pa fakitale ya Nakambala amafinya nzimbe ndi kupanga shuga. Kalipentala amatenga matabwa ndi kupanga madesiki, mipando ndi zitseko. Telala amasoka mayunifomu. Wowocherera zitsulo amapanga mageti ndi mafelemu a mawindo. Womanga nyumba amasanja njerwa. Oumba mbiya ndi oluka mphasa ali m'gulu lomweli.

Gulu 3: Onyamula ndi ogulitsa

Katundu alibe miyendo. Sangayende yekha kucoka kumene wapangidwa. Oyendetsa malole, mabasi, sitima, ngolo ndi njinga ndiwo amamunyamula. Akafika, ogulitsa amulandira. Ena amagulitsa m'masitolo akuluakulu. Ena ali ndi kantemba pafupi ndi nyumba. Enanso amagulitsa tomato, lepu ndi kapenta pa msika.

Gulu 4: Othandiza anthu

Anchito a m'gulu ili sapanga katundu woti munthu anyamule. Iwo amathandiza anthu. Aphunzitsi amaphunzitsa ana kuwerenga ndi kulemba. Manasi ndi madokotala amasamalira odwala. Apolisi ndi alonda amateteza anthu ndi katundu wao. Ometa tsitsi, ozimitsa moto ndi osesa m'misewu alinso momwemu.

NJIRA YACIWIRI: KODI ANAPHUNZIRA NTHAWI YAITALI BWANJI?

Luso ndi kudziwa kucita cinthu bwino. Palibe mwana amene amabadwa ndi luso la nchito. Aliyense amacita kuphunzira. Nchito zina zimadziwika mwamsanga, zina zimatenga zaka. Zili ngati makwerero a masitepe atatu.

Sitepe 1: Nchito zophunzira mwamsanga

Izi munthu amazidziwa pa masiku ocepa cabe. Wina amuonetsa lero, mawa wayamba. Zitsanzo ndi kusesa, kukankha wilibala, kukweza matumba mu lole, kutunga madzi pamene akumanga nyumba, ndi kupalira m'munda mwa wina pa ganyu.

Nchito izi sizifuna satifiketi, koma si zamasewera iai. Thumba limodzi la cimanga limalemera makilogalamu 50. Wolinyamula afunika mphamvu ndi khama. Afunikanso kukhala wokhulupirika, cifukwa amagwira katundu wa eni ake.

Sitepe 2: Nchito za amisiri

Mmisiri ndi munthu amene manja ake aphunzira nchito kwa miyezi yambiri kapena zaka. Akalipentala, atelala, amakanika, omanga nyumba ndi oika magetsi ndi amisiri.

Ambiri amaphunzira kwa mmisiri wamkulu. Mnyamata akafika kwa kalipentala, tsiku loyamba samupatsa sowo iai. Amayamba ndi kusesa utuci ndi kupatsira zipangizo. Pambuyo pake amaphunzira kupima thabwa ndi tepi. Kenaka aphunzira kuceka mosakhota, kupala ndi kukhoma misomali. Pang'ono ndi pang'ono, tsiku lina apanga mpando wake woyamba.

Ena amapita ku masukulu a nchito zamanja, monga Chipata Trades Training Institute. Bungwe la boma lochedwa TEVETA ndilo limayang'anira masukulu otere. Wophunzira akapambana mayeso amalandira satifiketi. Woyendetsa galimoto nayenso amaphunzira ndi kuyesedwa, ndipo amatenga laisensi ku bungwe la RTSA.

Amisiri amagwiritsa nchito masamu tsiku ndi tsiku. Telala akalakwitsa kupima, shati ithina. Kalipentala akalakwitsa, citseko cikana kutseka. Womanga akalakwitsa kusakaniza simenti ndi mcenga, mvula ikagwa khoma lija pansi khu!

Sitepe 3: Nchito za maphunziro apamwamba

Pa nchito izi, munthu ayamba watsiriza sukulu ya sekondale. Atatero amapita ku koleji kapena ku yunivesite. Mphunzitsi wa ku pulaimale amaphunzira zaka 3 ku koleji. Nasi nayenso amaphunzira zaka 3 kapena kuposapo. Dokotala amaphunzira zaka 6 kapena 7. Yunivesite yoyamba m'dziko la Zambia, ya UNZA, inatsegulidwa mu Lusaka m'caka ca 1966.

Nanga zaka zonsezi n'zaciani? Cifukwa cake ndi cakuti kulakwitsa pa nchito izi kungaphe anthu. Dokotala ayenera kudziwa ziwalo zonse za thupi, matenda ndi mankhwala ake. Ayeneranso kudziwa muyeso woyenera mwana ndi woyenera munthu wamkulu. Injiniya wokonza pulani ya mlatho ayenera kudziwa kuti mlathowo udzanyamula malole olemera bwanji. Akalakwitsa masamu, mlatho ungagwe.

NJIRA ZIWIRI PAMODZI

Nchito iliyonse ili ndi gulu lake, ilinso ndi sitepe yake. Pa malo amodzi a nchito pamapezeka anthu a masitepe onse atatu.

Pa cipatala: wosesa ndi wokolopa ali pa sitepe 1. Woyendetsa ambulansi ali pa sitepe 2. Nasi ndi dokotala ali pa sitepe 3.

Pomanga sukulu: wotunga madzi ali pa sitepe 1. Wosanja njerwa ali pa sitepe 2. Injiniya ali pa sitepe 3.

Pa famu: waganyu ali pa sitepe 1. Woyendetsa thirakitala ali pa sitepe 2. Dokotala wa ziweto ali pa sitepe 3.

Munthu sakhala pa sitepe imodzi moyo wake wonse. Wotunga madzi akamayang'anitsitsa ndi kufunsa mafunso, angaphunzire kusanja njerwa. Patapita zaka angakhale kapitao wa omanga onse.

Luso linanso silicokera m'kalasi. Agogo amene alima zaka zambiri amadziwa nthaka yabwino, mbeu yosunga ndi nthawi yobzala. Ngakhale alibe satifiketi, luso lao ndi lalikulu.

Nchito sizisankha mwamuna kapena mkazi. M'dziko la Zambia muli azimai oyendetsa mathirakitala ndi okonza magalimoto. Mulinso amuna amene ndi manasi ndi ophika m'mahotela.

ULENDO WA NSIMA

Mwana wa ku Lusaka akakhala pansi kudya nsima, amaona amai okha amene aphika. Koma nsima ija yapita m'manja mwa anchito ambiri.

Mlimi wa ku Katete analima cimanga. Mlangizi wa zaulimi anamuuza mbeu yoyenera ndi nthawi yothira feteleza. Aganyu anathandiza kupalira ndi kukolola. Anyamata amphamvu anakweza matumba mu lole. Dalaivala anayendetsa lole ija mu mseu wa Great East Road, nawoloka mlatho wa Luangwa. Lole itafa pa njira, makanika anaikonza. Ku Lusaka, wa pa cigayo anagaya cimanga. Wa wilibala ananyamula unga kupita nao pa msika. Wogulitsa anagulitsa ungawo kwa amai.

Tsono wina mmodzi akasowa, zikhala bwanji? Popanda okweza matumba, cimanga cikhala ku Katete komweko. Popanda makanika, lole igona pa mseu. Mwana uja agona ndi njala.

KODI PALI NCHITO YACABECABE?

Ana ena amaseka anthu osesa m'misika ndi otola zinyalala. Amati, "Aa, imeneyo si nchito!" Kumeneko ndi kulakwa.

Zinyalala zikaunjikana, nchenche zimaculuka. Ngalande zikatsekeka, madzi oipa amasefukira m'makomboni nthawi ya mvula. Madzi oipa amafalitsa matenda a kolera. Kumayambiriro kwa caka ca 2024, kolera inabvuta kwambiri mu Lusaka. Anthu ambiri anadwala, ena anamwalira. Masukulu m'dziko lonse anacedwa kutsegulidwa. Pa nthawi imeneyo madokotala ndi manasi anagwira nchito usana ndi usiku. Osesa, otola zinyalala ndi oyeretsa ngalande anagwiranso nchito yaikulu. Dokotala amaciritsa munthu amene wadwala kale. Wosesa amathandiza kuti munthu asadwale n'komwe.

Malipiro a nchito amasiyana. Nthawi zambiri amene anaphunzira zaka zambiri amalandira ndalama zambiri. Koma ulemu uyenera kupita kwa aliyense wogwira nchito yake moona mtima. Akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga.

Caka ciliconse pa 1 May, dziko la Zambia limakumbukira Tsiku la Anchito. Lolemba loyamba la mwezi wa August ndi Tsiku la Alimi. Masiku awiriwa ndi a chuthi.

Mwana wa Giredi 3 nayenso wayamba kale kukwera makwerero. Kuwerenga kumene aphunzira lero kudzamuthandiza kuwerenga zikwangwani za pa mseu kapena dzina la mankhwala. Masamu adzamuthandiza kupima thabwa ndi kubweza cenji pa msika.

MAU ATSOPANO

luso: kudziwa kucita cinthu bwino
mmisiri: munthu wodziwa nchito yamanja
ganyu: nchito ya nthawi yocepa yolipidwa ikangotha
kapitao: woyang'anira anchito anzake
satifiketi: pepala loonetsa kuti munthu anapambana mayeso

YANKHANI MAFUNSO AWA

1. Chulani njira ziwiri zoikira nchito m'magulu.
2. Kodi asodzi a kapenta amayatsiranji nyale usiku?
3. Kodi telala ali m'gulu liti? Nanga ali pa sitepe iti?
4. Cifukwa ciani dokotala amaphunzira zaka zambiri?
5. Chulani anchito anai amene anathandiza kuti nsima ifike pa mbale.
6. Kodi wosesa pa msika amathandiza bwanji anthu?

ZOCITA

Funsani munthu wamkulu wa kwanu za nchito yake. Amacita ciani? Anaiphunzira kuti? Anatenga nthawi yaitali bwanji? Lembani mayankho m'buku lanu, ndipo mukawerengere anzanu m'kalasi.