Kugulitsa chisanu: phunziro la ku St. Moritz

Kunena zoona abale anga, malonda ndi nzeru. Taonani tauni ya St. Moritz m'mapiri a dziko la Switzerland, komwe mpondamatiki amakhuthula ndalama zankhaninkhani m'mahotela pamene chisanu chafika poluma.

Kale alendo ankapitako nyengo yotentha yokha. Chipale chofewa chikayamba kugwa, onse ulendo kwawo, mahotela n'kutsala pululu. Nkhani imati m'chaka cha 1864 mwini hotela ya Kulm, a Johannes Badrutt, adapangana ndi alendo a ku England kuti adzabwerenso nthawi yachisanu, ndipo akakapanda kusangalala iwo adzalipira ulendo wonse. Alendowo adabweradi, adapeza dzuwa likuwala pamapiri oyera mbee, nakhalako mpaka chisanu chidatha.

Basi msika udatseguka. Mwana wawo Caspar adatsegula Badrutt's Palace mu 1896, ndipo tauniyi idachititsa masewero a Olimpiki a nyengo yachisanu mu 1928 ndi 1948.

Ine chimene chimandigwira mtima n'choti bambowa sadasinthe nyengo ayi. Adangogulitsa chomwe anzawo ankachiyesa tsoka, n'kuikapo chikole thumba lawo lomwe.

Komatu palibe msika wamuyaya. Dziko likutentha, moti malo ambiri otsetserekako pachipale m'mapiri a Alps akudalira makina opangira chipalecho, omwe amadya madzi ndi magetsi koopsa. Nawonso ayenera kuganiza mwatsopano.

Nanga inu a geni ndi ana a sukulu, miyezi ija mumangoti malonda afa, kodi mudaifufuzadi kuti mulibe chogulitsa?